Saka Limene Linakwera Kutsogolo kwa Lole

Aliyense wonena kuti nkhondo ya ku Mozambique sinafike ku Namwera amangoganiza za zipolopolo. Inafika ndithu, ndipo inafikira pa singano ya Che Sumani.

Che Sumani anabadwira ku Chowe, nakulira pakhonde la sitolo ku Mangochi, kumene anaphunzira kusoka mikanjo. Maso atayamba kuchita chidima anasiya makina, nalowa ntchito yosoka masaka pa depoti pamene boma linkagulira mtedza wotumiza kunja. Ankati saka ndi mkanjo n'chimodzimodzi, kungoti mtedza sudandaula kuti m'khwapa mwathina.

Njanji ya ku Nacala itadulidwa ndi nkhondoyo, mtedza unaleka kuchoka. Boma silinaleke kugula, pakuti panalibe amene analamula kuti lileke. Milu inafika kudenga, makoswe nanenepa. Masaka atsopano nawonso ankabwera pa sitima zomwe zija zosabweranso, choncho Che Sumani ankang'amba saka limodzi kuti apeze zigamba za ena. Munthu woganiza aona yekha kumene nzeru yotere imathera.

Zong'amba zitatha, kapitawo wa depoti, a Jenkins, analamula kuti aliyense abweretse sanza za kunyumba. Che Sumani anatola nsalu yakale ya chipani ya akazi awo, a Ajira. Tsono mkazi aliyense wa nthawi imeneyo ankadziwa kumanga nsalu yotere mwakuti nkhope ya mwini dziko isakhaliridwe. Chifukwa chake nsaluyo inkatha ponseponse, pankhope pokha n'kukhala polimba. Che Sumani, amene ankaona ndi zala kuposa ndi maso, anapapasa, napeza polimbapo, nadula, nasoka bwino lomwe.

M'mawa mwake onyamula katundu anaima chapatali, zipewa zili m'manja.

"Che Sumani, mwatipha!" anatero a Jenkins.

"Chavuta n'chiyani, bwana? Msoko wakhota?"

"Tasenderani muone amene mwamusokerera pa mtedza."

Che Sumani anasendera mpaka mphuno inagunda saka. "Wallahi, bwana, ine ndimayesa duwa."

Palibe anaseka. Anthu ankatengedwa osabwereranso pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi. Kusomola chigambacho kunafuna mpeni, ndipo ndani akanayandikiza mpeni pankhope imeneyo? Kutembenuzira sakalo kukhoma kunali kumuyang'anitsa khoma mwini dziko. Zolitentha palibe anazitchula ngakhale mumtima.

A Ajira anatulukira ali wefuwefu, chotsala cha nsalu chili m'manja. "Bambo a Awa, nsalu yanga mwaiboola zenera! Ndikavina nayo bwanji?"

"Tsitsani mawu, mayi, kuno tikufa."

Anaitanidwa a Uladi, tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene anafika pa njinga. Analizungulira sakalo mwaulemu, thukuta likuwatsika. Vuto lawo linali ili: akanena kuti ndi chipongwe, ayenera kupita nalo ku boma ngati umboni, atalimanga ndi mphira pakaliyala, iwo atalilozetsa matako ulendo wonse wotsika phiri. Akakafika, mlandu ukakhala wa anthu awiri.

"Che Sumani," anafunsa pang'onopang'ono, ngati munthu woponya chingwe m'chitsime, "pochita zimenezi munkatanthauzanji? Ganizani bwino musanayankhe."

Che Sumani anayankha kuti, "Ndimati, atcheya, azungu akamadya mtedzawu adziwe mwini wake."

"Mwamva nonse?" anafuula a Uladi. "Kukhulupirika ndi kumeneku! Ena mumangodziwa kuwomba m'manja."

Onyamula katundu anawomba m'manja.

Koma saka lotere silikanagona pansi, kapena kusanjikizidwa ndi anzake. Analikhazika pampando wa a Jenkins, iwo n'kumagwira ntchito chiimire. Che Sumani anapatsidwa ndodo kuti azililondera, popeza khoswe mmodzi akanaluma chigambacho, mlandu ukanayambiranso, ndipo khoswe sakanapezeka woti ayankhe. Mvula yonse ya chaka chimenecho Che Sumani anaithera pafupi ndi mpandowo, mapemphero awo a Chisilamu akuswalira pomwepo, diso limodzi lili kumphako za makoswe.

Kenaka kunabwera malole otenga mtedza kudzera njira yaitali ya ku Durban. Dalaivala ataliona sakalo anakana kuliponya kumbuyo. Analikhazika pambali pake, nkhope itayang'ana kumsewu, natsekula windo pang'ono kuti pazipita mphepo. A Jenkins, amene anayenera kuperekeza katundu mpaka ku Liwonde, anakwera pamwamba pa masaka, nafika ali fumbi lokhalokha.

Lole itazimiririka, Che Sumani anakhala pansi. A Uladi anayamba kunena kuti kukanakhala bwino saka lililonse litamalandira ulemu womwewo, koma depoti yonse inagwidwa ndi chifuwa nthawi imodzi, ndipo mawuwo sanamveke.