Mtengo wa Kudina Kamodzi

Ine ndi achimwene anga tinasiya kuyankhulana chifukwa cha resitihausi. Bambo athu anatisiyira malo m'mbali mwa msewu wopita ku boda, ndipo tinamangapo limodzi zipinda zisanu ndi zitatu, iwo ndi ndalama za fodya wawo wa ku Mkanda, ine ndi zimene ndinalandira popuma uphunzitsi. Patapita zaka ziwiri anayamba kunena kuti malata onse anagula ndi fodya, choncho zipinda zoyang'ana kumsewu n'zawo. Lamlungu lina ndikuchokera kutchalitchi ndinapeza amisiri akumanga mpanda pakati pa bwalo. Ndinatsala ndi zipinda zitatu zakumbuyo, ndipo mlendo aliyense wotsika minibasi ankayamba kuona chikwangwani chawo.

Inali nthawi imene makuponi a feteleza anali atazolowereka, intaneti itangofika kumene pa boma. Mwana wanga wamkazi, amene ankagwira ntchito pa hotela ku Joni, anabwera pa Khirisimasi n'kupeza zipinda zanga zikununkha chinyontho chifukwa chosatsegulidwa.

"Amayi, azungu opita kukaona nyama ku Zambia sayang'ana zikwangwani," anatero. "Amafufuza pogona pa intaneti asananyamuke kwawo. Tiyeni tikaikeko malonda anu."

Tinapita ku khefi ya intaneti, kachipinda ka makompyuta anayi kuseri kwa golosale. Mwini wake anali mayi wina wamsinkhu wanga amene kale ankataipa makalata pa ofesi ya boma. Mwana wanga anandikonzera tsamba lokhala ndi zithunzi za mabedi ndi maneti, kenako anandilongosolera. Umasankha mawu amene anthu amalemba akamafufuza. Pa mawu alionse umatchula mtengo umene ungalolere kulipira munthu akadina malonda ako kamodzi. Amene watchula wokwera kawirikawiri amaoneka pamwamba. Ngati palibe wadina, sulipira kanthu.

"Ndiye ndi okishoni," ndinatero.

"Eya, koma pano ogula ndinu. Yambani ndi mtengo wotsika, muone kaye sabata ziwiri. Ndaikanso malire a ndalama za tsiku limodzi. Musawakhudze, khadi la kubankili ndi langa."

Anabwerera ku Joni, ine n'kutsala ndi kapepala kamene anandilembera mawu achinsinsi olowera. Sabata ziwiri zoyamba ndinamvera. Malonda anga ankaoneka pansi pa a maloji a ku Chipata, ndipo sindinadandaule.

Sabata yachitatu ndinalemba mawu anga aja kuti ndidzione, ndipo pamwamba penipeni panatuluka resitihausi ya achimwene. Pansi pa dzina panalembedwa m'Chingerezi kuti ndi malo okhawo aukhondo pafupi ndi boda. Mawu akuti okhawo aja anandiotcha. Munthu amene ankanyowetsa chala ndi malovu potsegula foni anazidziwa bwanji zimenezi? Ndinatembenukira kwa mwini khefi.

"Ndani wawaikira?"

"Mayi, ine ndimathandiza aliyense wolowa pakhomopa," anayankha osasiya kudinda mapepala. "Alamu anu anabwera, anati nawonso akufuna ngati zanu. Khadi ndi la mphwawo wa ku Lilongwe."

"Zanga anazimva kwa yani?"

"Boma lino ndi laling'ono."

Ndinakhalanso pansi n'kukweza mtengo kuwirikiza kawiri. Mawa lake ndinali pamwamba. Mkuja analinso iwo. Ndinakwezanso. Ndikalowa m'khefi m'mawa, mwini wake ankandipatsa moni n'kunena ngati nkhani ya mvula kuti, "Alamu anu anali pano dzulo madzulo." Sankatchula kuti aika mtengo wanji, ndipo ine sindinkafunsa. Ndinkangowonjezera. Ndikhulupirira kuti alamu akabwera ankawauza zomwezo za ine.

Malire a tsiku anayamba kutha dzuwa lisanafike pamutu, malonda anga n'kuzimiririka mpaka mawa. Ndiye ndinawakhudza malire aja. Ndinawonjezeranso mawu ambiri, ndikuganiza kuti ukonde waukulu ugwira zambiri. Ndinaika dzina la boma lathu palokha, ndinaika mawu akuti boda, ndinaikanso dzina la resitihausi ya achimwene kuti wowafuna iwo apeze ine. Odina anachuluka, koma foni inali zii. Amene anaimba anali bambo wina wofunsa ngati ndimagulitsa mtedza wa chalimbana, ndi mtsikana wofuna kudziwa nthawi imene boda amatsekera.

Pali china chimene ndinachita, ndipo sindinachiululepo ngakhale ku mphakati wathu wa kutchalitchi. Ndinaganiza kuti ngati iwo amalipira munthu akadina, ndiye ndidine ine. Masana ndinkalipira ola lathunthu, n'kukhala pa kompyuta yapakona, kudina malonda awo, kubwerera, kudinanso. Intaneti inali yochedwa, tsamba lililonse linkatseguka ngati likukokedwa ndi ng'ombe, koma ndinkadikira mosangalala. Tsiku lina nditadzuka kuti ndizipita, ndinaona alamu ali pa kompyuta yapafupi ndi khomo, chitenje chili pamapewa, chithunzi cha bedi langa chili patsogolo pawo. Tinayang'anana. Palibe anapereka moni.

Mwana wanga anaimba mwezi usanathe.

"Amayi, mwatani ndi khadi langa?"

Ndinayamba kufotokoza za amalume ake, koma anandidula.

"Mtengo mwaikawo ukuposa phindu la chipinda ngati pa anthu khumi odina abwera mmodzi. Mwaganizapo zimenezo? Simukutsatsa malonda inu, mukumenyana."

"Anayamba ndi iwo."

"Ndipo zodina-dinazo, ngati mukuchita, dziwani kuti makina amazindikira kuti ndi kompyuta imodzimodzi, zambiri saziwerengera. Mukungolemeretsa mwini khefi."

Iye anasintha mawu achinsinsi tsiku lomwelo, nachotsa mawu onse amene ndinawonjezera. Anasiya atatu okha onena za pogona pafupi ndi boda, pa mtengo wotsika uja. Kwa sabata zingapo ankangonditumizira uthenga wa moni, osaimba.

Kenako kunabwera kalata ya pa intaneti kuchokera kwa mayi wina wa ku Holland, woti iye ndi mwamuna wake adzagona masiku awiri popita ku Zambia. Anali oyamba. Ndinachapa makatani, ndinapaka polishi pansi, ndinagula sopo wonunkhira ndi mazira. Pa tsikulo ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wogulitsa nthochi pamsewu ndi amene anandiuza kuti azungu awiri a zikwama zazikulu atsika masana n'kulowa geti lakutsogolo.

Ndinazungulira mpanda, koyamba chimangidwireni. Achimwene anali pampando pafupi ndi kauntala, wailesi ili pamiyendo.

"Achimwene, alendo amene alowa muno ndi anga."

"Alembedwa dzina lanu pamphumi?"

"Anakufunsani dzina la malo anga. Mwawauza chiyani?"

"Ndawauza kuti ndi pano. Ndanama? Si malo a bambo onsewa?" Anachepetsa wailesi. "Inu achemwali munaika dzina la resitihausi yanga m'makina mwanu muja kuti mundibere anthu. Mumayesa sindinamve? Lero mwabwera kudzandiphunzitsa chilungamo?"

Ankanena zoona, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Ndinawauza kuti ndi wakuba kuyambira ali mwana, kuti bambo ankabisa ndalama za mtedza chifukwa cha iwo. Iwo anati ndine mfiti yophunzira, mwamuna wanga anachita bwino kufa msanga. Alamu anatuluka kukhitchini ndi chipande m'manja. Azungu aja anasuzumira pazenera, mayiyo atagwira kapepala kamene panali chithunzi cha khonde langa. Ndikanatha kuwaitana, Chingerezi ndinaphunzitsa zaka zambiri. Koma ndinadziona mmene ndinkaonekera, duku litapendekeka, thovu kukamwa, ndipo ndinatuluka.

Malonda a achimwene anasiya kuoneka mwezi wotsatira. Ndinamva kuti mphwawo wa alamu uja anakana kupitiriza kulipira. Anga anatsala okha pa mtengo wotsika, ndipo ankandibweretsera alendo apo ndi apo, okwanira kuti zipinda zizitsegulidwa. Aliyense ndinkamulembera kuti akatsika asafunse munthu, aimbe foni, ndipo ndinkapita ndekha pamsewu kukamutenga. Ambiri amene ankadzaza mbali zonse ziwiri anali madalaivala a mathiraki ndi azimayi a geni ochokera ku Chipata, amene sanadinepo kanthu.

Mwana wamkazi wa achimwene atatsala pang'ono kukwatiwa, khadi la ukwati linabwera ndi mlonda wawo. Pa envelopu analemba kuti "Kwa aneba". Mtsikanayo ndinamuphunzitsa ine sitandade 3, choncho kutchalitchi ndinapita, n'kukhala kumbuyo. Ku holo sindinapite. Ndinali ndi alendo awiri ofika ndi minibasi ya masana.