Matimati anga ndi lamulo la pampopi

Ndikukumbukira chilimwe cha chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, ndili ndi zaka khumi. Kwathu ku Chisenga madzi a m'mipopi amachokera m'mapiri a Mafinga, ndipo chaka chimenecho anafika pomatuluka ngati ulusi. Ndowa zinkandandalika kuyambira pampopi mpaka kumsewu, ndipo ndewu sizinkasowa.

Komiti ya mpopi inaika lamulo lakuti madzi ndi akumwa, ophikira ndi osamba basi. Wopezeka akuthirira dimba aletsedwa kutunga mpaka mvula itagwa. Oyamba kugwidwa anali bambo ena opuma ntchito kuchipata cha m'malire, omwe ankalumikiza paipi yaitali kupita ku kabichi wawo. Anakuwa kuti ano ndi masiku a ufulu, koma paipiyo anawalanda, ndipo akazi awo anayamba kukafukula mchenga mumtsinje wouma, ulendo wotha m'mawa wonse.

Ine ndinkakhala awiriwiri ndi agogo chimwalirireni makolo anga. Kuseri kwa nyumba ndinali ndi mizere ya matimati yomwe ndinabzala ndekha, chinthu choyamba chimene ndinachitchapo changa. Pambali pake, mumthunzi wa nthochi, agogo ankasunga kholowa, mbewu ya mbatata yodikira mvula. Madzi sitinkaba. Ndinkasamba nditaima m'beseni, ndipo otsalawo, pamodzi ndi otsukira mbale, tinkagawira mbewu ndi kapu, phando ndi phando. Matimati anabiriwira, ena anayamba kupsa.

Kubiriwirako ndiko kunatipalamulira. Mudzi wonse unali mbuu, madimba a anthu atauma, koma kuseri kwathu kunkaoneka ngakhale uli kumsewu. Ndikafika pampopi amayi ankadula nkhani. Tsiku lina wina anati, “Ndowa ya mwanayu ndi yodalitsika, imabereka matimati.” Anaseka onse. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Masana a tsiku lotsatira anafika a Namukonda, apampando a komiti, ndi amayi ena awiri.

“Mwatandala uli, agogo?” a Namukonda anapereka moni m'chiyankhulo cha kwathu.

“Tatandala makora. Khalani pansi.”

“Yayi, sitikhala. Anthu akudandaula. Paipi tinalanda munthu wamkulu, ndiye inu tikusiyeni bwanji?”

“Ndi madzi osambira mwana, mama. Nunkhizani dothilo, mumva sopo.”

“Ine ndinunkhiza, nanga mudzi wonse ubwera kudzanunkhiza? Anthu akuona ndi maso. Mawa komiti ikhala pansi.”

Ndinayang'ana miyendo ya agogo, yotupa mpaka m'maondo. Kumtsinje sakanafika, ndipo ine kandowa kanga sikakanakwanira anthu awiri.

Agogo sanatsutsenso. Anadzuka pang'onopang'ono, analowa m'dimba, nagwira tsinde loyamba. Ndinamva mizu ikuduka. Fungo la masamba a matimati linadzaza pabwalo. Ndinkafuna kukuwa kuti ndi anga, kuti sitinalakwe, koma agogo anangopitiriza. Anazula mzere woyamba, wachiwiri, mpaka onse, nawaunjika pamapazi a alendowo, zipatso zili lendelende.

Mmodzi wa amayi aja analoza pansi pa nthochi. “Nanga icho?”

Agogo anaima pakati pa iye ndi kholowayo, akupuma movutikira. “Iyo ndi mbewu, mama. Yanu ilipo? Mvula ikagwa mudzapempha kwa yani?”

Kwathu mbewu saimana, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa kuti yake inauma kalekale. A Namukonda anayang'ana mulu wa matimatiwo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine, nachotsa maso msanga.

“Mbewu isiyeni,” anatero. “Mwana abwere kudzatunga mawa monga mwa masiku onse. Yewo, agogo.”

Ndinakhala masiku angapo osawalankhula agogo. Ndinkatunga, kusesa, kudya, koma pakamwa pali tseke. Iwo sanapepese. Tsiku lina tikuthirira kholowayo anangoti, osandiyang'ana, “Ukanakhala iwe ukanazula chiti?”

Ndinakula ndikuganiza kuti agogo anachita mantha, kuti anagonjera bodza. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimaona mwina. Akanatha kulimbana, mwinanso komiti ikanawapeza osalakwa, koma akanaluza tikanakhala opanda madzi, ndipo wowasenzera analipo mmodzi yekha, wazaka khumi. A Namukonda nawonso sindiwaimba mlandu. Ankasunga mpopi umodzi pakati pa anthu aludzu, ndipo lamulo likadumpha nyumba imodzi silikhalanso lamulo. Tinali olungama, inde. Koma agogo anadziwa chimene ine ndinachedwa kuchimvetsa, kuti pa chilala sungapulumutse zonse, ndipo ndi bwino kuzula wekha anthu ena asanakusankhire chozula.