Chisoti cha Chitini cha Palafini

Vitalis Mwanza anali wosula zitini kufupi ndi mishoni ya Minga. M'zaka za Chitaganya, ndowa ndi koloboyi za m'midzi yonseyo zinkachoka m'manja mwake.

Chaka china aphunzitsi a Cosmas anakonza sewelo la mfumu yodzozedwa ndi Mulungu, imene mng'ono wake anaipha kuti alande mpando. Vitalis anali ndi mawu ngati bingu, ndipo sanakayike kuti ufumuwo ndi wake. Asanauzidwe n'komwe, anadula chitini cha palafini n'kusula chisoti chaufumu, akuyezela pamutu pake.

Koma akuluakulu anati chisoti, ngakhale cha sewelo, sichiyamba kukhala pamutu pa munthu wamba. Anasankha mlamu wake Febian, mwana wa mlongo wa mfumu ya kwawoko, kamunthu kachibwibwi. Vitalis anapatsidwa mbali ya wakupha.

"Mlamu, chi-chisoti chako chikundigwela m'maso," anadandaula Febian poyeselela.

"Chisoticho chili bwino, mlamu. Wachepa ndi mutu."

Vitalis mtima unamuwawa poona azimai akugwadila Febian panjila, sewelo lisanachitike n'komwe. Chomutonthoza chinali chimodzi: kumapeto wakuphayo amavala chisoti, nalankhula yekha pamaso pa anthu onse. Mawu amenewo ankawabweleza tsiku lililonse akumenya zitini.

Pa tsikulo bwalo la sukulu linadzaza. Febian analowa chisoti chili pamphuno, anthu namuwombela m'manja mwaulemu. Atati, "Mulungu ndiye a-anandiika pano," bwalo lonse linavomela. Vitalis anamubaya ndi mpeni wamtengo, mwamphamvu kuposa mmene anagwilizanilana, natola chisoti.

Anyamata ananyamula Febian kupita naye kuseli kwa kalasi. Apo amai Eneless, azakhali a Febian, anaimilila n'kuyamba kulila, pakuti kwawoko wa magazi a ufumu akagwa, palibe amene amatsala atakhala pansi. Anthu ananyamuka onse, kutsata malilo.

Vitalis anavala chisoti. Chinamukwana ndendende. Analankhula mawu ake onse osaphonya, kwa mabenchi, aphunzitsi a Cosmas ndi mbuzi ziwili.

M'mawa mwake anatumidwa kukapepesa kubanja la mfumu ndi nkhuku yoyela. Febian anailandila akuseka.

Vitalis anakalamba akusula zitini ndi kugulitsa palafini. Chisoticho anachipinda n'kupanga fanelo yothilila palafini, ndipo Febian akabwela kudzagula, ankamuthilila ndi yomweyo.

"Gwilani botolo bwino, mfumu," ankatelo, osamuyang'ana.