Laputopu ya ku Chikweo Imene Inkati Tili mu 2010

"Munthu wolephera Folomu 4 angatikonzere makompyuta? Likafika Lachisanu zisanatheke, muone msewu."

Anatero a Kachingwe, mkulu wa kabungwe ka alimi a thonje ku Balaka, pamaso pa antchito onse. Ankanena Fauziya, mtsikana amene ankawalembera mapulogalamu a kompyuta. Tsiku limenelo sanadye.

Nkhaniyi ndi yopsetsa mtima, abale. Fauziya anali wamasiye, wokulira pa siteshoni ya Nkaya akugulitsa zitumbuwa. Kulemba mapulogalamu anadziphunzitsa yekha pa foni yosweka galasi. Pulogalamu yake inagwira ntchito zaka zitatu, womuthokoza osaoneka. Inkalondera mafayilo: mlangizi akabweretsa mndandanda watsopano pa fulashi, iyo inkaona kuti fayilo yasintha n'kutumizira alimi uthenga wa pa foni wa tsiku lokatenga mankhwala.

Kenaka a Kachingwe omwewo analamula kuti chilankhulo cholembera pulogalamuyo chisinthidwe, aikemo chatsopano. Zinthu zinasokonekera pomwepo. Lero pulogalamu yaona, mawa yatsinzina. Alimi ena uthenga osawafika, mbozi zikudya thonje m'munda. Wolamula uja anasamba m'manja, mlandu wonse n'kugwera mwana wa zitumbuwa.

Fauziya anayesa kusintha fayilo kambirimbiri pa kompyuta ya mu ofesi, ndipo ulendo uliwonse pulogalamu inkaona bwinobwino. Mutu unamuwawa. Lachiwiri anayala mafayilo onse odumphidwa, n'kupeza kuti onse anachokera ku Chikweo, m'boma la Machinga.

M'mawa mwake anakwera minibasi, kenaka kabaza, mpaka anafika kwa a Usumani, mlangizi wa kumeneko.

"Achimwene, gwirani ntchito ngati masiku onse, ine ndingoonerera."

A Usumani anayatsa laputopu yawo. Pakona panalembedwa 1 Januwale 2010.

"Iyayi, musadabwe chemwali," anatero. "Kabatire ka wotchi ya laputopuyi kanafa kalekale. Ndinapempha ku ofesi kawiri, sanandiyankhe."

Apo Fauziya anazindikira vuto. Chida cholondera mafayilo chimene chinabwera ndi chilankhulo chatsopano chinkangoyang'ana deti. Fayilo ya a Usumani ikafika, chinkaiyesa yakalekale n'kuidumpha. Alimi anavutikira kabatire kakang'ono ngati batani la malaya, kamene ofesi inanyalanyaza.

Lachinayi anakonza pulogalamu kuti iziwerenga zam'kati mwa fayilo, osati deti. Lachisanu mafoni analira ku Chikweo konse.

Mukuganiza kuti a Kachingwe anapepesa? Ayi ndithu. Anangoti, "Ndimadziwa kuti ndi kanthu kakang'ono."

Fauziya anapisa m'chikwama, n'kuika kabatire katsopano pa tebulo lawo.

"N'kakang'onodi, bwana. Ndi aka. A Usumani anakapempha kawiri."



Lero Fauziya ndi amene amayang'anira makompyuta onse a bungweli, ku Balaka ndi ku Machinga komwe. Wa kumudzi akadandaula, amanyamuka yekha kukaona.

Inu amene akukunyozani chifukwa mulibe satifiketi, amene mwasenzetsedwa mlandu wa eni ake, mtima usagwe. Kwiyani ndithu, n'koyenera. Koma mukatero nyamukani, mupite kumene onyozawo amachita ulesi kufikako.