Inki Yofiira Pakalata ya Alamu Anga

Mesenjala anafika panjinga Lachiwiri m'mawa, sabata yoyamba ya Okutobala, m'chaka chachiwiri cha zipani zambiri. Anandipeza kudimba ndikuthirira nazale ya fodya, ndipo sanatsike n'komwe. Anangoponda phazi limodzi pansi n'kundipatsa envulopu yakhaki ya chidindo cha boma. M'katimo munali mzere umodzi wokha: ndikaonekere ku ofesi ya khonsolo Lachinayi m'mawa.

Ndinapempha ndekha kuti adzandiitane, ndipo zimenezo ndinkazidziwa bwinobwino. Komabe Lachinayi litakwana ndinavala mathalauza awiri, malaya awiri ndi juzi, m'dzuwa la Okutobala, sopo ndinaponya m'thumba la jekete. Munthu amene boma linamutengapo amadziwa kuti zimene wavala tsikulo ndizo zofunda zake, ndizonso mtsamiro wake. Mkazi wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nanena kuti ndikuoneka ngati thumba la chimanga losokedwa mothamanga. Anaseka ndithu, koma anandiperekeza mpaka kumsewu, chinthu chimene sankachita.

Kuti nkhani ya Lachinayilo imveke, ndibwerere m'mbuyo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinali mphunzitsi wa sitandade 7 pasukulu ina ya mishoni m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, mkamwini m'mudzi wa mkazi wanga. Masiku amenewo mphunzitsi ndiye anali dzanja la mudzi wonse. Makalata opita ku Joni ankalembedwa ndi ine, oyankha ankawerengedwanso ndi ine. Alamu anga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, sanapondeko kusukulu, koma anali munthu wosaopa kulankhula. Pamene esiteti ya mkulu wina wa chipani inatchinga ndi waya dambo limene munali madimba a mbumba yawo, anabwera kwa ine kuti ndiwalembere kalata yodandaula kwa bwanamkubwa wa boma.

Ndinailemba Loweruka masana m'kalasi, nditangomaliza kuchonga makope a ana. Inali kalata yaulemu, yopanda mawu amwano ngakhale amodzi. Dzina langa sindinalembepo. Alamu anadinda chala chawo, ndipo tinapangana kuti akadzafunsidwa adzanene kuti anawalembera munthu wapaulendo amene anakumana naye pamsika wa Mponela. Anagwira dzanja langa n'kundiuza kuti dzina langa silidzatuluka pakamwa pawo.

Patatha milungu itatu apolisi anawatenga. Linali Lolemba. Anabwerera Lachisanu akutsimphina, osalankhula ndi munthu. Lolemba lotsatira galimoto ya boma inaima pansi pa mtengo wa mbawa wa pasukulu, ine ndili pakati pa phunziro la masamu. Analowa amuna atatu. Wamkulu wawo analankhula mwaulemu kwambiri.

"Aphunzitsi, tabwerani panja pang'ono. Ana asatseke makope, mubwera pompano."

Choko ndinangoika m'thumba la malaya. Ndinabwerera patatha zaka zinayi ndi miyezi iwiri.

Chipinda chofunsira mafunso chinali ndi tebulo ndi mipando iwiri, wina wokhalapo wofunsayo, wina wosanjikapo miyendo yake. Ine ndinkakhala pansi. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndisadzivutitse kukana, popeza mlamu wanga anali atawauza zonse. Kenaka ananena mawu amene sindinawamvetse nthawi imeneyo, ngakhale sanachoke m'mutu mwanga.

"Iwe umakonda kuchonga, eti? Lero tichonga ndife."

Zimene zinachitika m'masiku asanu ndi anayi a m'chipindamo sindizilemba. Khutu langa lakumanzere silimva kuyambira pamenepo, ndipo zala ziwiri za dzanja lolembera sizipindika bwino kukazizira.

Kukhoti sanandipititse. Ananditumiza kundende ina ya kumwera, kumene msilikali wolandira anthu anatiuza kuti kumeneko kulibe wolakwa, kulibe wosalakwa, kuli manambala okha. Tinkadya nsima kamodzi patsiku, ndiwo zake nyemba zofumbwa zimene tinkati zabwera ndi nyama yake. Choko changa chija chinapulumuka pachipata chifukwa msilikali anachiyesa mankhwala a m'mimba. Ndinaphunzitsa nacho anzanga asanu ndi mmodzi kulemba mayina awo pasimenti, tikufufuta ndi phazi tikamva nsapato. Chitatha tinkalemba ndi chala chonyowa. Masiku ambiri sanali ankhanza, anali aatali chabe, ndipo m'kutalika kwakeko ndinali ndi nthawi yokwanira yodana ndi alamu anga. Ndinadana nawo mwadongosolo, tsiku ndi tsiku, ngati munthu wopita kuntchito.

Anandimasula Lachitatu lina mu Disembala, mvula ikugwa. Palibe anandiuza chifukwa chondimangira kapena chondimasulira. Mkulu wa ndende anangondiuza kuti ndikathokoze boma chifukwa cha chifundo chake, ndipo ndinathokoza.

Ntchito ya uphunzitsi sanandibwezere, ndiye ndinagwira khasu ngati aliyense. Tsiku lachiwiri nditafika kumudzi, alamu anabwera ndi tambala woyera kudzandilonjera. Ndinauza mkazi wanga kuti awabwezere tambalayo. Iye anandiuza kuti zaka zonse zija ana anadya za m'nkhokwe ya achimwene ake, ine ndinayankha kuti munthu akamadyetsa ana a mnzake chotero ndiye kuti mtima ukumutsutsa. Nyumba zathu zinali zoyang'anizana. Mvula itatha ndinaumba njerwa, ndinatseka khomo langa, n'kuboola lina kumbuyo koyang'ana kuphiri. Kutchalitchi ndinkasankha benchi mosamala kuti chikho cha mgonero chisachokere m'manja mwawo kubwera mwanga. Ndinachita zimenezi zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndinkadziona ngati munthu wopirira.

Chimene chinandigwedeza si ndale ayi, koma mwana wathu wamkazi womaliza. Anapeza mwamuna wa ku Madisi, munthu wabwino, ndipo akwawo anatumiza mawu kuti akufuna kukumana ndi ankhoswe. Kwathu kuno nkhoswe ya mwana wamkazi ndi malume ake. Ine ndinati apeze wina. Alamu anati sangalowe nkhani ya mwana bambo ake atawatsekera khomo. Akuchimuna anadikira miyezi isanu, kenaka anayamba kufunsa ngati banja lathu lili ndi vuto limene tikubisa. Mwanayo anasiya kudya bwino, ndipo ndinkamuona akuonda pamaso panga. Tsiku lina tikukonola chimanga mkazi wanga analankhula osandiyang'ana.

"Abambo, inu mumakhulupirira zolembedwa kuposa anthu. Pitani kuboma mukaone zolembedwazo. Zikakanena kuti achimwene anakutchulani, nkhoswe ina ndikaifuna ndekha."

Ndinapita mu Juni. Tauni yathu ndi yaing'ono: msika, positi, chigayo, ndi nyumba yaitali yamalata imene muli maofesi a khonsolo. Kalata ya alamu inapita kumeneko, choncho fayilo yake inayenera kukhala komweko. Ulendo woyamba anandiuza kuti chinthu chotero sichinapemphedwepo. Ulendo wachiwiri wosunga kiyi wa chipinda cha mafayilo akale anali kumaliro. Ulendo wachitatu ndinakumana ndi kalaliki wamkulu, mayi wachikulire wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anavula magalasi aja n'kupukuta m'maso.

"Bambo, kale munthu akafunsa za fayilo yake ankakaimva ali kundende. Lero sitikudziwa kuti tizitani nazo, koma palibenso watiletsa. Lembani kalata yopempha, ndikafufuza."

Ndinalemba pomwepo, ngakhale kalata yomaliza imene ndinalembera boma inali ija ya alamu. Kenaka ndinadikira miyezi inayi mpaka mesenjala wa panjinga uja.

Lachinayilo mayiwo anandikhazika pampando, osati pansi. Anaika patebulo fayilo yopyapyala imene chiswe chinadya ngodya imodzi. Anati sindingatuluke nayo, koma nditha kuwerenga ndi kukopera chilichonse chimene ndikufuna. Munali mapepala atatu.

Loyamba linali lipoti la apolisi, lotayipidwa m'Chingerezi. Linati mwini chala chodindidwa pakalatayo anafunsidwa masiku anayi, ndipo masiku awiri omaliza anafunsidwa mwamphamvu. Ine ndinkadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Lipotilo linapitiriza kuti munthuyo akuumirira kuti anamulembera wapaulendo pa Mponela, kuti ndi wamakani, ndipo palibe phindu lomusungira. Ndinawerenga kawiri, ndikufunafuna mzere umene dzina langa linatulukira pakamwa pawo. Panalibe.

Lachiwiri linali kapepala ka kalaliki wa nthawi imeneyo kopita kwa apolisi. Kanati wolemba kalatayo sakuvuta kumupeza: aone m'munsi mwake, ayerekeze ndi kope la mwana aliyense wa sitandade 7 pasukulu yathu.

Lachitatu linali kalata yanga. Ndinaizindikira ngati nkhope ya mwana wanga. Mizere inali yowongoka, chala cha alamu chili pamalo pake. Ndipo pansi penipeni, kudzanja lamanja, panali pochongedwa ndi inki yofiira, pambali pake zilembo ziwiri zoyamba za mayina anga, monga ndinkachitira m'kope lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi. Loweruka lija ndinali nditachonga makope a kalasi yonse, cholembera chofiira chili chikhalire m'manja. Ndinawerenga kalatayo kuti ndione ngati muli cholakwa, sindinapeze, ndipo dzanja linachita zimene linazolowera mutu osadziwa.

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka mayiwo anadzuka kukatseka chitseko, ndipo sindikudziwa pamene kuseka kunathera n'kuyamba kulira. Anandipatsa madzi m'kapu yawo, n'kundifunsa mofatsa ngati sindingakonde kuvulako juzi. Ndinakopera mapepala awiri aja mawu ndi mawu, iwo anawerenga, anadinda chidindo, nandiuza kuti tamaliza. Ndinakhalabe pampando kudikira woti andiuze kolowera. Anachita kubwereza kuti ndikhoza kupita kwathu.

Nditatsika basi sindinalowe m'nyumba mwanga. Ndinazungulira kutsogolo, kumene ndinali ndisanapondeko zaka khumi ndi zitatu. Alamu anali pakhonde akuluka nkhokwe, tsitsi lonse litayera, mwendo wotsimphina uja atautambasula. Sanadabwe. Anakankha kampando ndi phazi kuti ndikhalepo. Ndinawawerengera mapepalawo ndikumasulira m'Chichewa, ndipo iwo sanasiye kuluka mpaka nditafika pa inki yofiira.

"Ija ndinaiona tsiku lomwelo, alamu. Ndinkayesa ndi mmene makalata a kuboma amatsekera."

Anati apolisi anawaonetsa chizindikirocho tsiku loyamba, n'kuwauza kuti wolembayo akumudziwa kale, angofuna amve kuchokera pakamwa pawo. Ndinawafunsa chifukwa chimene anavutikira masiku anayi kubisa chinthu chodziwika kale. Anati iwo analonjeza za pakamwa pawo, za inki sanalonjeze. Ndinawafunsanso chifukwa chimene sanandiuzire zaka zonsezi. Anaika nsungwi pansi.

"Munthu wabwera kundende khutu litafa, ntchito itatha, ine ndimuuze kuti anadzimangitsa yekha? Ndinati bola azidana ndi ine, ndili ndi msana. Komanso ndikanakuuzirani pakhomo liti? Khomo munatembenuza."

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo ngakhale tsiku limene anativula pachipata cha ndende. Ndinagwada pafumbi ndi mathalauza anga awiri n'kupepesa. Anandidzutsa msanga, akuti anthu angaganize kuti ndikupempha fodya, ndipo anafunsa kuti akuchimuna aja anati abwera liti.

Chinkhoswe chinachitika mu Novembala mvula isanayambe. Alamu anayendetsa nkhani yonse, ine ndinakhala kumbuyo monga bambo amakhalira, mtima uli m'malo. Sabata yotsatira ndinagumula njerwa zija, ndipo mkazi wanga anasesa pakhomo lakale akungoimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Anthu akandifunsa kuti ndinamasulidwa liti, ndimatchula Lachitatu la mu Disembala lija, chifukwa ndilo amafuna kumva. Koma tsiku limenelo ananditsegulira chipata chimodzi chokha, chinacho ndinamanga ndekha ndi njerwa zoumba ndekha. Sindikuchepetsa zimene anatichita. Munthu sayenera kutaya zaka zinayi chifukwa cha kalata yaulemu, kaya waichonga kaya sanaichonge. Koma ufulu umene ndinaugwira ndi manja anga ndi uwu: ndinalowa mu ofesi ya boma, ndinafunsa zimene analemba za ine, anandionetsa, ndipo ndinatuluka ndi miyendo yanga dzuwa likadali pamutu. Ndine wokhutira. Ndimalima fodya wanga, ndimamva ndi khutu limodzi, ndipo m'mawa ndikatsegula chitseko ndimaona alamu akuwothera dzuwa.

Chaka chotsatira anabwera ndi pepala ndi envulopu. Waya uja anali akadali padambo, ndipo iwo ankafuna kalata ina yopita kukhonsolo. Ndinailemba ndi cholembera chabuluu, iwo anadinda chala, ine ndinalemba dzina langa lonse pansi pake monga wolemba. Ndikuti ndiipinde, anandigwira dzanja, n'kutulutsa m'thumba cholembera chofiira chimene anakagula okha ku Mponela.

"Muli cholakwa, alamu?"

Ndinawerenganso, ndinati mulibe.

"Ndiye chongani."

Ndinachonga.