Duku la a NyaMsukwa

Chipere chinandituluka kuseri kwa khutu nditangofika ku Chisenga kudzagulitsa kaunjika. Chinali chozungulira, choyabwa, ndipo tsitsi linkathothoka. Poti amuna anga amayendetsa malole a ku Tanzania, mtima unathamangira ku kachilombo. Kuchipatala ndinkaopa kuti andiyeza magazi, ndiye ndinkangopakapo adyo n'kumabisa ndi tsitsi lotsalalo.

Tsiku lina kunagwa maliro, ndipo a NyaMsukwa, oyandikana nawo nyumba, anandibwereka duku. Ndinalimanga zolimba mpaka linanyowa ndi thukuta.

Kumanda dzuwa linaswa mtengo. Iwo anandikodola, khanda lawo lili kumsana.

"Mama, tandipatsaniko duku lija, mwana wapsa mutu."

Kunena zoona kunali kudziulula pamaso pa anamalira onse. Ndinavula duku, dzanja lina nditaphimba khutu ngati ndikumva kuwawa, n'kuwapatsa. "Yewo," anatero, akufunditsa kamutu kopanda tsitsi kaja.

Posakhalitsa mwanayo anatuluka chipere pafupi ndi liwombo. Ndinkachita mantha akamalira, poganiza kuti ndamupha. Mantha omwewo ndi amene anandikokera kuchipatala, kumene anati magazi ali bwino, chiperecho ndi mafangasi chabe, matenda a pakhungu. Tonse awiri tinachira ndi mankhwala.

Koma a NyaMsukwa anafuna kudziwa kumene chipere cha mwanayo chinachokera, ndipo mlandu unagwera mphaka wawo, amene ankagona pamphasa ya mwana. Anakamutaya kutali, cha kumapiri a Mafinga.

Thumba loikamo mphakayo ndinawagwirira ndine.