Wotcha Dzina Ndiye Wolera

Kwathu ku Manja mwana satchedwa dzina tsiku lobadwa. Timadikira mchombo ugwe, atuluke m'chikuta, kenako abale asonkhane ndipo wina apatsidwe ulemu wotcha dzina. Pabanja pathu ulemu umenewu umagwera azakhali aakulu a mwanayo. Kwa ana a achimwene anga, azakhali aakuluwo ndine, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamutcha dzina.

Woyamba anati atche agogo ake, ndinamvetsa. Wachiwiri anapatsa mng'ono wanga, ndinameza malovu. Pa wachitatu ndinapita nditanyamula beseni latsopano, sopo ndi matewera, poganiza kuti ulendo uno palibenso wondidumphira. Tili pabalaza, apongozi a achimwene anayankhula akumwetulira: "Dzina atche munthu wodziwa kulera, paja wotcha dzina amakhala kholo lachiwiri." Aliyense anadziwa amene akunenedwa. Ine ndilibe mwana, banja langa linatha pa chifukwa chomwecho, ndipo nthawi imeneyo n'kuti nditabwerera kukakhala ndi amayi. Ndinayang'ana amayiwo kuti mwina anena kanthu, koma maso awo anali pa simenti. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinachoka osatsanzika.

Ntchito yanga ndi ya makompyuta. Tinalipo anayi, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsalu ku Limbe, momwe fungo la nsalu zatsopano linkasakanikirana ndi la fumbi la makina akale. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imaidzutsa ndi kuyendetsa zina zonse, ife timangoti sisitimu. Ena amagulitsa masisitimu awo, koma alipo aulere amene eni ake anawasiya poyera kuti aliyense aone m'kati, asinthe chimene akufuna, agawirenso anzake. Ife tinkatenga imodzi mwa aulerewa n'kuipepuza, kuchotsa zokometsera zonse, kuti izitha kuyenda pa makompyuta okalamba amene maofesi a m'tauni amataya. Tikatero tinkaiika m'mafulashi, tizipangizo tosomeka pa kompyuta tonyamulira mapulogalamu, n'kumagawira masukulu ang'onoang'ono, maofesi a mipingo ndi anthu otayipa makalata pafupi ndi msika.

Anzathu akunja opanga masisitimu amenewa ali ndi mwambo wawo wa mayina. Mtundu watsopano ukatuluka, ena amaupatsa nambala ya chaka ndi mwezi, ena dzina la mkazi, ena la chidole, ena la nyama motsatira ndondomeko ya zilembo. Nyama zakezo zina sitinazionepo ngakhale pachithunzi. Umuuze mphunzitsi wa ku Bangwe kuti kompyuta yake ikuyendera kanyama kena ka kumadzi oundana, angoti "oho" kenako waiwala. Tsiku limene zavuta, ukamufunsa pafoni kuti ali ndi mtundu uti, yankho lake n'lakuti "uja wa sikirini yofiirira uja." Yofiirira inalipo yambiri.

Mkulu wathu pantchitopo, bambo wachisilamu wosakonda mawu ambiri, ndiye anaika malamulo athu. Loyamba linali lakuti mtundu uliwonse umene tatulutsa uzitchedwa dzina la phiri la mu Blantyre muno, chifukwa phiri munthu amaliona akangotsegula chitseko ndipo saliiwala. Lachiwiri ndi limene linali ndi mano. Amene watcha dzina, nambala yake ya foni inkalembedwa pa sikirini yoyamba, imene munthu amaona akangoyatsa kompyuta, ndipo vuto lililonse la mtundu umenewo linali lake mpaka wina utabadwa. "Dzina si duwa lapatebulo," ankatero mkuluyo. "Mwatcha, lerani."

Mkuluyo anatcha mtundu woyamba Michiru. Anyamata awiri amene tinkagwira nawo ntchito anatcha Ndirande ndi Mpingwe. Mtundu wachinayi utayenda bwino m'kachipinda kathu kwa milungu ingapo osakomoka, tinakhala pansi kuti tiutche dzina, ndipo ine ndinali nditakonzeka. Koma mmodzi wa anyamata aja anayamba kukanda m'mutu.

"Asisi, nambala ya mzimayi pa sikirini? Amuna a m'tauni muno simuwadziwa inu. Akusowetsani mtendere."

Mnzake anavomereza. "Komanso maulendo ake si masewera, asisi. Uku Chilomoni, uku Machinjiri, mvula ili m'njira. Ife tingopitiriza, inu muzithandiza mkati muno."

Ankanena mwachifundo, ndikudziwa, koma m'makutu mwanga munalira mawu a pabalaza paja. Ndinayaka moto. "Achimwene, mitundu itatu yonseyi anakonza ndani kuti mapulinta azigwira? Pobereka mumandiitana, potcha dzina mukuti ndipume? Lero sizitheka zimenezo."

Mkulu wathu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Tchulani, chemwali."

"Soche," ndinatero. Ndilo phiri limene ndakhala ndikuliona kuchokera pakhonde pathu chibadwire changa.

Walira mvula walira matope. Anyamata aja sananame kwenikweni: amuna anaimbadi. Ndikafunsa kuti kompyuta yatani, wina ankati, "Ayi ili bho, ndimangofuna ndimve mawu anu." Ndinkayankha kuti mwawamva, n'kudula. Koma ambiri anali a mavuto enieni, ndipo ndinawayendera onse, mafulashi ali m'chikwama, mutu uli wowerama m'minibasi. Sindibisa, nthawi iliyonse ndikalowa mu ofesi ya eni ake n'kuona dzina lakuti Soche likuwala pa sikirini, nambala yanga ili m'munsi mwake, mtima unkadzadza.

Amene anandiyesa kwambiri anali mayi wina wa ku Chigumula. Anali wachitsikana, Msilamu, woyembekezera, ndipo mwamuna wake anali dalaivala wa malole a maulendo ataliatali. Mayiyu anatsegula kasukulu m'nyumba ya lendi, momwe ankaphunzitsa kompyuta achinyamata amene anamaliza sekondale. Makompyuta ake anali nkhalamba zenizeni, zotsokomola zikamayaka. Anandiimbira foni kudandaula: magetsi akathima n'kuyakanso, makompyuta onse ankakana kudzuka, sikirini ili bii, tizilembo toyera tikudandaula. Ana asukulu anali atayamba kunena kuti akafuna kwina.

Inali nyengo ya mvula. Ndinkakwera minibasi ku Limbe, kutsika pamsika wa Chigumula, kenako wapansi kudutsa m'timinda ta chimanga, matope akulimbirana nane nsapato. Ndikafika ndinkadzutsa makompyutawo imodziimodzi, mphunzitsiyo n'kundipatsa tiyi ndi chimanga chowotcha, ine n'kubwerera. Pasanathe masiku, magetsi athima, foni yalira. Ndinayenda njira imeneyo mpaka amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anayamba kundifunsa ngati ndasamukira komweko.

Anyamata a kuntchito anandilangiza kuti ndimuchotsere mayiyo Soche, ndimubwezere Mpingwe, poti mtundu wakalewo unalibe vuto limenelo. Kunena zoona, nzeru yake inali yabwino ndipo ikanandipulumutsa ku matope. Koma ndinakana. Kutero kukanakhala kuvomera pamaso pa aliyense kuti ndinatcha dzina chinthu chimene sindingathe kuchisamala, ndipo mawu amenewo ndinali nditawamva kale kokwanira.

Tsiku lina ndinanyamula bisibisi, kachitsulo komasulira zomangira, n'kutsegula kompyuta imodzi. M'kati mwa kompyuta iliyonse muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi magetsi akachoka. M'makina a mayiyo timabatire tonse tinali titafa kalekale, motero magetsi akathima kompyuta inkadzuka ikuganiza kuti tili m'zaka za makedzana. Soche anali watsopano ndi wosamala kuposa akulu ake: asanayambe ntchito ankayang'ana kaye tsiku, akaona kuti silikugwirizana ndi zimene akukumbukira, ankakaikira kuti china chake chawonongeka n'kuima. Ndikanatha kungogula timabatire tatsopano, koma makompyuta a timabatire takufa ali mbwee mu Blantyre muno, ndipo onsewo tsiku lina akanaimba foni yanga. Choncho ndinalowa m'kati mwa sisitimu momwemo, poti ndiwo ubwino wa chinthu chosatsekedwa, n'kumuphunzitsa Soche kuti asamakangane ndi wotchi yakufa.

Poyesa, ndinauza mphunzitsiyo kuti azule yekha pulagi kukhoma, ana asukulu akuona. Anazula, chipinda chinati zii. Atabwezera, makompyuta anatsokomola monga mwa masiku onse, kenako dzina la Soche linatuluka pa sikirini yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza ya pakona imene aliyense ankaiseka. Ana anaomba m'manja, wina anamenya desiki. Ine ndinangokhala pa benchi, miyendo ili ndi matope mpaka m'mawondo, ndikudzimva wamtali kuposa denga la nyumbayo. Chokonzacho ndinachigawira aliyense amene anali ndi Soche m'tauni.

Ana a pasukulupo ndiwo anandipatsa dzina limene sindinayembekeze kulimva m'moyo wanga. Ulendo wina ndikuyandikira, mtsikana amene anali pakhomo anakuwa kuloza m'kati: "Madamu, amake Soche abwera!" Ndinaima chiimire pakati pa njira. Kwathu mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, ndipo ine ndinali nditazolowera kuitanidwa ndi dzina langa lokha ngati kamtsikana. Sindinadziwe ngati ndilire kapena ndiseke. Dzinalo linafala mpaka ku Limbe, ngakhale mkulu wathu wosaseka uja anayamba kundiitana choncho.

Lamulungu lina masana, titaweruka kutchalitchi, foni yanga inalira ine ndili kubafa ndipo amayi anayankha. Nditatuluka anati, "Wina amafuna amake Soche. Ndamuuza kuti walakwitsa nambala."

"Sanalakwitse, amayi. Ndine."

Anandiyang'ana, kenako anapitiriza kusankha nyemba zawo.

Patapita miyezi mtundu watsopano unabadwa, mmodzi wa anyamata aja anautcha Nyambadwe, ndipo nambala yanga inayamba kuchoka pa masikirini. Foni inachepetsa kulira. Ndinkaganiza kuti ndipuma, koma ndinasungulumwa. Mphunzitsi wa ku Chigumula yekha ndiye sanasiye kuimba, ngakhale makina ake anali bwinobwino. Ankangofuna kundiuza kuti miyendo yatupa, kapena kuti mwana wasukulu wina wapeza ntchito yotayipa m'tauni.

Tsiku lina m'mawa anaimba mwamuna wake, munthu amene ndinali ndisanaonanepo naye. Anati kwabadwa mwana wamkazi, onse ali bwino. Ndinayamika Mulungu, ndipo ndinkati nditsanzike pamene anapitiriza. "Dzina lachisilamu apereka agogo ake, monga mwa mwambo wathu. Koma la pakhomo, lomuitanira tsiku ndi tsiku, mayi ake akuti mutche ndinu."

Ndinapempha kuti ndiyankhule ndi mayiyo. Sindinafune kuti ulemu umenewu adzandilande pakati pa anthu, choncho ndinanena zonse poyera. "Achemwali, ine ndine wa mpingo wina. Komanso mukudziwa kuti sindinaberekepo?"

"Ndikudziwa zonsezo," anayankha ndi mawu otopa. "Ine ndinakuonani ndi maso anga, mvula yonse ija, mukubwera kuno chifukwa cha chinthu chimene munachitcha dzina. Bambo akewa amakhala pamsewu. Mwana wanga ndikufuna akhale ndi munthu woti tikaimba foni abwera."

Ndinalira pomwepo, m'kachipinda ka ku Limbe, anyamata aja akunamizira kuti ali otanganidwa ndi mawaya.

Nditawauza amayi madzulo ake, anangolowa kuchipinda. Koma tsiku lonyamuka ndinawapeza atakhala pakhonde, atavala chitenje chawo cha paukwati ndi duku latsopano, kachikwama kali pamiyendo. "Ndikuperekeza," anatero, ndipo sanali kupempha.

Ku Limbe, kondakitala atafunsa kotsikira, amayi anayankha ndi mawu oti amveke mpaka mpando wakumbuyo. "Chigumula, awiri. Mwana wanga uyu akukatcha mwana dzina. Achita kumuitana eni ake." Mayi wina amene anakhala pambali pathu anati zikomo kwambiri, n'zamwayi. Aliyense wokwera panjira anauzidwa nkhani yomweyo, ndipo ine, mzimayi wamkulu wa imvi zoyamba, ndinangoyang'ana pawindo ndikumwetulira ngati mwana wopambana mayeso.

Nyumba inali yodzadza. Azimayi ofunda kumutu anakhala pamphasa mpaka pakhonde, azibambo ali panja pansi pa mtengo wa mapeyala. Anawapatsa amayi malo pakati pa akuluakulu. Kenako agogo a mwanayo anadzuka, anamutenga kwa mayi ake n'kumuika m'manja mwanga. Anali wopepuka ndi wofunda, akununkhira sopo, ndipo kadzanja kake kanagwira chala changa. Aliyense ankadikira ine.

Dzinalo sindilemba pano, ndi la mwini wake, ndipo lero amathamanga nalo m'timinda ta chimanga tija. Ndinalitchula mokweza kuti ngakhale azibambo a panja amve. Nthungululu yoyamba kulira inali ya amayi anga.